Ngwazi Ikabwerera Kumudzi

Nthano za maulendo oopsa zili ngati tinjira ta kudambo. Aliyense amayesa kuti akuponda pakepake, koma mukayang'anitsitsa mupeza kuti mapazi ambiri adutsa m'kanjira kamodzi. Pali mnyamata wosawerengeredwa amene akukhala phee kwawo. Kukubwera uthenga, kapena tsoka, lomuitana kuti achoke. Poyamba akana. Kenaka akumana ndi nkhalamba yomupatsa malangizo ndi chida, nawoloka malire a dziko limene amalidziwa. Kutsidyako apeza abwenzi ndi adani, ayesedwa, alowa m'kamwa mwa imfa, atulukamo ali munthu wina, atenga chimene adadzera, nabwerera kwawo. Mukasintha maina ndi zovala, nkhani yomweyi muipeza m'ndakatulo za Agiriki akale, m'mayimbidwe a alakatuli a ku Mali, ngakhalenso m'mafilimu amene ana amaonera m'tinyumba ta vidiyo pamsika.

Amene adatchukitsa maganizo amenewa ndi Joseph Campbell wa ku America, m'buku lake la mu 1949 lotchedwa The Hero with a Thousand Faces, kutanthauza ngwazi ya nkhope chikwi. Iye adawerenga ndime 17 za ulendowu n'kuzigawa patatu: ndime 5 za kunyamuka, 6 za kuyesedwa, ndi 6 za kubwerera. George Lucas, amene adatulutsa filimu ya Star Wars mu 1977, adavomera poyera kuti bukulo lidamuthandiza kuwongola nkhani yake. Pambuyo pake Christopher Vogler, amene ankagwira ntchito yowunika nkhani za mafilimu ku Disney, adafupikitsa ndimezo kukhala 12, ndipo buku lake la mu 1992, The Writer's Journey, lidasanduka ngati katekisimu wa olemba mafilimu. Lero wophunzira aliyense wa zolembalemba amauzidwa kuti ngwazi iyenera kuitanidwa, kukana, kupeza mlangizi, kuwoloka, kuyesedwa, kufa ndi kuuka, kenaka kubwera ndi mankhwala.

Funso limene ndikufuna kulisinkhasinkha ndi ili: pa ndime zonsezi, ndi iti imene imasandutsa munthu kukhala ngwazi? Funsoli si la olemba okha. Anthu amakamba za moyo wawo potsata njira yomweyi. Wandale pamsonkhano, mlaliki pagome, wamalonda pawailesi, onse amayamba ndi umphawi wa paubwana, nadutsa m'mazunzo, nafika pa chigonjetso. Ndipo munthu akamatiuza mbiri yake motere amakhala akutipemphanso kanthu, kaya ulemu, kaya voti, kaya chopereka, kaya kumumvera osafunsa. Ngati tili ndi ngongole kwa ngwazi, ndi bwino tidziwe kuti ngongoleyo idabadwira pa ndime iti, ndipo ithera pati.

Ndiyambe ndi kumene chithunzichi chidachokera. Campbell sadabise kuti magawo atatu aja adawatenga ku miyambo ya chinamwali. Mu 1909 Arnold van Gennep adalemba kuti miyambo yosamutsa munthu kuchoka pa msinkhu wina kupita pa wina imayenda motere: munthu amapatulidwa, amakhala pakati osakhala mwana osakhalanso wamkulu, kenaka amalandiridwanso. Victor Turner, amene adakhala pakati pa Andembu ku Mwinilunga m'dziko la Zambia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, adafotokoza mozama za gawo la pakatilo. Ife a kuno sitifunika buku kuti tizimvetse. Tikudziwa za tsimba, za dambwe, za ndagala, za mukanda. Tikudziwa kuti namwali amakhala ndi phungu, kuti amauzidwa zinthu zimene sangaziulule, ndi kuti amabwera atameta, nthawi zina ndi dzina latsopano.

Koma taonani chimene chidagwa m'njira pamene chithunzichi chimachoka ku tsimba kupita ku kanema. M'chinamwali mwini ulendo ndi mudzi. Namwali sadziitana yekha, ndipo sapita chifukwa ndi wapadera. Amapita chifukwa nthawi yake yakwana, monga adapitira atate ake ndi ambuye ake. Pobwera, palibe amene amaima pabwalo n'kunena kuti mudzi umugwadire popeza wagona kuthengo. Aliyense adagonako. Mavuto a kuthengo amamupatsa ntchito: kulemekeza akulu, kudzuka pakagwa maliro, kusunga pakamwa. M'nkhani za masiku ano ulendo wa aliyense udasanduka ulendo wa wosankhidwa mmodzi, ndipo mavuto ake adasanduka chiphaso chotengera malipiro. Apa mpamene pagona nkhawa yanga yonse.

Titenge ndime yoyamba, ya kuitanidwa ndi kunyamuka. Kuchoka kwanu kumafuna mtima, zimenezo sindikana. Koma mwaona kuti nthano zambiri zimayamba zamupepukitsa katundu mnyamatayo asananyamuke? Ngwazi zambiri ndi ana amasiye. Luke Skywalker akukana kupita chifukwa pakhomo pali ntchito ya kumunda, ndiye nkhaniyo ikupha onse awiri omulera n'kutentha nyumba, kuti achoke wopanda womufunsa. Wolemba amadziwa kuti ngwazi yosiya munda wosapalira ndi mayi wodwala ingatidzutsire funso lovuta. Pamoyo weniweni funsolo silithawika. Amuna zikwizikwi a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankasiya khasu m'manja mwa munthu wina. Ena sadabwerenso, monga aja opitirira 70 amene adafa pa ngozi ya ndege ku Francistown mu Epulo 1974 ali paulendo wobwerera kwawo. Kunyamuka kuli ndi mtengo, ndipo kawirikawiri wolipira ndi wotsalayo. Choncho kunyamuka pakokha sikungapange ngwazi. Wothawa ngongole nayenso amanyamuka m'mamawa.

Nanga ndime ya mayesero? Apa nthano zimatipatsa athandizi, koma zimawaiwala msanga. M'mbiri ya Sundiata, amene adakhazikitsa ufumu wa Mali atagonjetsa Soumaoro Kanté pa nkhondo ya ku Kirina cha m'ma 1235, chinsinsi cha mphamvu za mdaniyo adachipeza ndi mlongo wake Nana Triban, amene adakhala m'nyumba ya Soumaoro ngati mkazi wake mpaka adamuulula. Muvi wa chipolopolo cha tambala udaponyedwa ndi Sundiata, koma nzeru yake idagulidwa ndi thupi la mkazi. Amayi ake, Sogolon, amene adamulera zaka zonse zimene ankalephera kuyenda, adamwalira kuchilendo ku Mema, osaona ufumuwo. Odysseus adachoka ku Troy ndi zombo 12 zodzaza amuna a ku Ithaca, nafika kwawo yekhayekha. Ndakatuloyo imatchedwa ndi dzina lake chifukwa ndiye adatsala kuti aifotokoze. Akulu adati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Ngati mayesero ndiwo apanga ngwazi, ndiye kuti ngwazi zambiri zili pansi pa nyanja, ndipo amene timamuombera m'manja ndi wopulumuka chabe.

Tifike tsopano pa ndime imene imakoka anthu ku kanema, ya kupha chilombo. Palibe nthano ya ulendo yopanda chilombo, ndipo ine sindikutsutsa kuti zilombo zilipo. Ukapolo udali chilombo, utsamunda udali chilombo, njala ndi chilombo. Vuto n'lakuti munthu amene wadziona kale ngati ngwazi amafunika chilombo monga mlenje afunira nyama, ndipo chikasowa amachiumba kuchokera kwa mnansi wake. Amene adapha anthu 62 m'zipolowe zothamangitsa alendo ku South Africa mu Meyi 2008 sankadziona ngati zigawenga. Ambiri ankati akuyeretsa mudzi wawo. Munthu akangotchedwa chilombo, kumupweteka kumaleka kuoneka ngati tchimo.

Nthano zakale zinkadziwa ngozi imeneyi kuposa mafilimu athu. M'ndakatulo ya Gilgamesh ya ku Mesopotamia, Humbaba, mlonda wa nkhalango ya mikungudza, akupempha kuti asaphedwe, koma Gilgamesh ndi mnzake Enkidu akumupha ndithu. Imfa ya Enkidu, imene ikuswa mtima wa Gilgamesh, ikubwera ngati chilango cha milungu pa kupha kotereku. Chitsanzo chimene chimandikhudza koposa ndi cha Mwindo, ngwazi ya Anyanga a kum'mawa kwa Congo, imene mbiri yake adailemba Daniel Biebuyck mu 1956 kuchokera pakamwa pa mlakatuli Rureke, n'kuisindikiza mu 1969 pamodzi ndi Kahombo Mateene.

Mwindo adabadwa akuyenda ndi kulankhula, atanyamula litchowa lake la mphamvu. Bambo ake, mfumu Shemwindo ya mudzi wa Tubondo, sankafuna mwana wamwamuna, ndipo adayesa kumupha, mpaka kumutsekera m'ng'oma n'kumuponya mumtsinje. Mwindo adapulumuka, adawononga mudzi wa bambo ake, adawalondola mpaka kudziko la pansi, napambana mayesero onse a kumeneko. Atawapeza sadawaphe. Adabwera nawo kumudzi, adadzutsa akufa, ndipo Shemwindo adavomera kulakwa kwake pamaso pa anthu. Wolemba filimu akadathera pomwepa. Koma Rureke adapitiriza. Mwindo, ali mfumu kale, adapha chinjoka Kirimu chimene chidameza anthu ake. Anthu adatuluka m'mimbamo amoyo, ndipo aliyense akadati wachita bwino. Koma Kirimu adali bwenzi la pangano la magazi ndi Nkuba, mwini mphezi. Nkuba adamutenga Mwindo kupita naye kumwamba, kumene mvula, dzuwa ndi anzawo adamuzunza chaka chathunthu, ndipo litchowa lija silidamuthandize. Adamubweza atamuletsa kuphanso nyama ya m'nkhalango. Atatsika mpamene adapatsa anthu ake malangizo a kukhalirana bwino.

Anyanga adaona chinthu chimene mndandanda wa ndime 12 suchionetsa bwino: munthu amene wapambana mayesero onse amakhala asanaphunzire chinthu chimodzi, kugonja. Chida chimene chidamupulumutsa chimamuphunzitsanso kuti vuto lililonse limatha ndi chida. Asanapatsidwe anthu oti awalamulire, ayenera kukafika kumene chidacho sichigwira ntchito.

Izi zikutifikitsa pa gawo lachitatu, la kubwerera, limene ine ndikuliona kuti ndilo lolemera kuposa onse. Campbell adalipatsa ndime 6, mofanana ndi gawo la mayesero. Vogler adalisiyira 3. Mafilimu ambiri amalipatsa mphindi zochepa za nyimbo ndi kukumbatirana. Mu The Lion King ya mu 1994, Simba akangogonjetsa Scar, mvula ikugwa, udzu ukumera, nkhani yatha. Sitiuzidwa kuti adakhala nawo bwanji mikango imene idavutika zaka zonse iye akudya mphutsi ndi kuimba kuthengo. Koma Homer, m'magawo 24 a Odyssey, akumufikitsa Odysseus ku Ithaca m'gawo la 13. Pafupifupi theka la ndakatuloyo ndi la munthu amene wafika kale kwawo koma sadalandiridwe. Ndipo kubwerako ndi kwa magazi. Akupha amuna 108 amene ankafunsira mkazi wake, adzakazi 12 akupachikidwa, abale a ophedwawo akudza ndi mikondo, ndipo zikutengera mulungu wamkazi Athena kuti nkhondo ya pachiweniweni ileke. Munthu amene wakhala zaka 20 akupulumuka ndi chinyengo ndi lupanga sadziwa njira ina yolowera m'nyumba mwake.

Ndikuona njira zitatu zimene kubwerera kumalephereka. Yoyamba ndi kusabwerera kumene. Chichewa chili ndi mawu ake: kutchona. Mtchona ndi munthu amene adamaliza ndime zonse za pakati koma yomaliza idamukanika. Odysseus adakhala zaka 7 pachilumba cha Calypso, atalonjezedwa moyo wosafa ngati atatsala, koma adasankha kachilumba kake ka miyala ndi mkazi wokalamba. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Komabe sindifulumira kuweruza matchona, chifukwa ambiri sadatsekeredwe ndi zokoma za kuchilendo. Chidawatsekera ndi manyazi. Nthano idawauza kuti wobwera amabwera ndi mankhwala, ndi njinga, ndi sutukesi, ndipo iwo adalibe. Apa Gilgamesh ali ndi mawu otonthoza. Iye adayenda mpaka kumalekezero a dziko, adamira pansi pa nyanja natenga chomera chobwezera unyamata, koma ali kusamba panjira njoka idachiba. Adafika ku Uruk chimanjamanja. Chimene adachita ndi kuonetsa mnzake wa paulendo malinga a mzinda wake, ntchito ya manja a anthu amene amafa. Mfumu imene idachoka ili yozunza anthu idabwera itadziwa kuti nayonso idzafa. Imodzi mwa ndakatulo zakale kwambiri padziko lapansi ikuti kubwera wopanda kanthu m'manja n'kubwera ndithu.

Njira yachiwiri ndi kubwera ndi kalata ya ngongole. Aliyense wolankhula Chichewa amadziwa kuti mawu oti ngwazi ali ndi mbiri. Hastings Kamuzu Banda adachoka kwawo ali mnyamata, nakhala kunja zaka zoposa 40, ku South Africa, America, Britain ndi Ghana. Achinyamata a Nyasaland African Congress, makamaka Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, ndiwo adamuitana, ndipo Chipembere adamulembera mosabisa kuti anthu amafuna ngwazi yoti aitamande kuti nkhondo ya ndale ipambane. Adatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Mu Marichi 1959 adamangidwa n'kukatsekeredwa ku Gwelo, natuluka mu Epulo 1960. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidatha kumapeto kwa 1963, ndipo ufulu udabwera pa 6 Julayi 1964. Ndime zonse zilipo: kuitanidwa, ulendo wautali, mimba ya chinsomba, chilombo chophedwa, mphatso kwa anthu. Nkhaniyi si yabodza, ndipo n'chifukwa chake idali ndi mphamvu. Koma patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu, amene adamuitana aja adayamba kuchotsedwa ndi kuthawa. Chipembere adafera ku America mu 1975. Mu 1971 ngwazi idakhala pulezidenti wa moyo wonse, ndipo zidatengera riferendamu ya mu 1993 kuti anthu anene kuti ngongole yatha. Mbiri zofanana ndi iyi mungazipeze m'maiko angapo a m'chigawo chathu chino, kumene amene adamenya nkhondo ya ufulu amakumbutsa anthu chisankho chilichonse kuti adagona kuthengo. Mphatso imene wopereka amaitchula tsiku lililonse imasanduka chingwe.

Njira yachitatu ndi pamene mudzi ukana wobwerayo, ndipo chilungamo chikufuna kuti ndiitchule, chifukwa wina angandiuze kuti zonse ndanenazi ndi nsanje yovala jekete. Asotho ali ndi nthano ya Senkatana. Chilombo Kholumolumo chidameza anthu onse ndi ziweto zawo, kupatula mayi mmodzi woyembekezera. Mwana amene adabadwa adakula tsiku lomwelo, natenga mikondo, napha chilombocho, nang'amba mimba yake. Pamene ankang'amba, mawu ankamveka m'katimo odandaula kuti mpeni ukuwacheka. Anthu adatuluka, namulonga ufumu. Sipadapite nthawi, anthu omwewo adayamba kumupangira chiwembu, ndipo m'kafotokozedwe kena adamupha. S. M. Mofokeng adalemba sewero lochokera pa nthanoyi mu 1952. Uwu ndi mlandu wa ife otsala. Kuthokoza kumalemera, ndipo munthu amene adatiwona tili m'mimba mwa chilombo amatikumbutsa kufooka kwathu ngakhale atakhala chete. Tonse tikudziwa wophunzira amene adabwera kudzathandiza kwawo n'kuthawanso chifukwa cha miseche, kapena mlimi amene adakolola kuposa anzake n'kutchedwa wokhwima. Mudzi umene umadya ngwazi zake sudzapeza woupulumutsa chilombo chikadzabweranso.

Choncho ngongole ili mbali zonse ziwiri, ndipo nthano ya Senkatana ikuonetsa pamene mfundoyi yamangika. Mpeni umene udatsegula mimba ndi womwewo udacheka munthu. Palibe chipulumutso chimene sichisiya chipsera pa wina. Wochekedwayo akanena kuti sakuthokoza chifukwa ali ndi bala, walakwa. Koma ngwazi ikanena kuti wochekedwa atseke pakamwa popeza akadafera m'mimbamo, nayonso yalakwa, ndipo kulakwa kwake n'koopsa kwambiri chifukwa mpeni udakali m'manja mwake. Chofunika ndi malo amene onse awiri angalankhule, wina natchula bala lake, wina namva popanda kuitana asilikali.

N'zochititsa chidwi kuti mbiri zazikulu za ku Africa kuno zimathera pa malo otere. Mwindo akubweretsa bambo ake pamsonkhano wa anthu, pamene mlandu ukukambidwa poyera. Sundiata atapambana ku Kirina akusonkhanitsa mafumu ndi mafuko ku Kurukan Fuga, kumene akugawana maudindo ndi kuika malamulo a ufumu watsopano. Ndime yomaliza ndi bwalo. Ndipo apa mpamene ndikuyankha funso langa lija. Munthu amasanduka ngwazi pa tsiku limene waika chida pansi n'kukhala pamphasa ngati mmodzi mwa anthu, woti angathe kutsutsidwa, kufunsidwa, ngakhale kuuzidwa kuti nthawi yake yatha. Ndime zonse zam'mbuyo zimangoonetsa kuti ndi wamphamvu, kapena wochenjera, kapena wamwayi. Mphamvu, kuchenjera ndi mwayi chilombo nachonso chili nazo. Chimene chilombo sichingathe ndi kulavula chimene chameza n'kukhala pansi.

Pabwalo pamenepo, oweruza ndi otsala aja. Mndandanda wa Campbell umawaona ngati poyambira ndi pothera basi, anthu oima chilili kudikira kuti wina awabweretsere moyo. Akazi makamaka amaonekamo ngati mayi, ngati mayesero, kapena ngati mphoto, ndipo ichi n'chimene chidachititsa Maureen Murdock kulemba The Heroine's Journey mu 1990. Koma kutsala nakonso ndi ulendo, ngakhale ulibe mapu. Penelope adasunga nyumba zaka 20, adalera mwana yekha, ndipo kwa zaka 3 adanyenga omufunsira poluka nsalu usana n'kuimasula usiku. Odysseus atapha adani onse, mkaziyo sadamuthamangire. Adamuyesa kaye ndi chinsinsi cha bedi lawo, limene mwendo wake umodzi udali mtengo wa azitona wozikika m'nthaka. Wogonjetsa Troy adayenera kuyankha funso la munthu amene sadachoke pakhomo. Amayi ambiri a m'midzi yathu, amene adalera ana ndi khasu amuna ali ku migodi, adali ndi ufulu womwewo wofunsa wobwerayo kuti ndiwe yani tsopano, tisanakupatse mpando.

Wina anganene kuti ndikulanda ana chisangalalo cha nthano. Mwana amafunika kumva kuti wamng'ono angathe kugwetsa chachikulu, kuti mantha si mathero, kuti kuseri kwa phiri kuli dziko. Ndikuvomera ndi mtima wonse, ndipo sindikufuna nthano zimene ngwazi imangokhala m'misonkhano. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mudzi umene palibe amene amachokamo umameta ndi lumo lobuntha mpaka kalekale. Chimene ndikukana ndi kuyesa mndandandawu ngati lamulo la chilengedwe. Akatswiri a nthano, monga Alan Dundes, adamudzudzula Campbell kuti ankatola zokhazo zogwirizana ndi maganizo ake n'kusiya zotsutsa. Ife tomwe tili ndi umboni. Kalulu sasintha, sabwera ndi mankhwala a mudzi, ndipo mawa adzanamizanso Njovu. Mbona wa Amang'anja adathawa adani ake kulowera kum'mwera, naphedwa, osabwereranso kwawo, koma anthu adamumangira kachisi ku Khulubvi m'boma la Nsanje, nakhala akupemphako mvula mibadwo yambiri. Njira za nthano n'zambiri. Tikaphunzitsa ana njira imodzi yokha, ya wosankhidwa amene amapita yekha n'kubwera kudzalamulira, tisadabwe akakula n'kumaona anzawo ngati athandizi, adani kapena mphoto za m'nkhani yawo.

Pokamba nthano m'Chichewa, wokambayo akati padangokhala, omvera amayankha kuti tili tonse, ndipo amabwereza mawuwo mpaka nthano ithe. Akaleka kuyankha, wokambayo amadziwa kuti watsala yekha, ndipo nthano imafera pomwepo. Mwambo umenewu uli ndi nzeru imene ndikufuna tiitengere kunja kwa nthano. Ulendo wa ngwazi umakhala ndi tanthauzo pokhapokha pali anthu ovomera, ndipo anthuwo ali ndi ufulu wosiya kuvomera. Choncho munthu akandiuza za mavuto amene adadutsamo ndi zilombo zimene adapha, ndimamvetsera mwaulemu, chifukwa mwina n'zoona. Kenaka ndimafuna kudziwa kuti adasiyira yani khasu pochoka, kuti anzake amene adanyamuka nawo ali kuti, ndi kuti wochekedwa ndi mpeni wake akadandaula amamuyankha bwanji. Mayankho a mafunso amenewa sapezeka pa tsiku la nthungululu. Amaoneka chaka chotsatira, pamene ng'oma zaleka, denga likudontha, ndipo wobwera uja wapemphedwa kuti akwere akafolere pamodzi ndi anzake.